Croton wanu sakufa ndi ludzu, mukumumiza ndinu

Pali mawu amene ndatopa kuwamva ku nazale kuno: "Croton wanga akuyoyoka masamba, chonsecho ndimamuthirira tsiku lililonse." Amene akunenayo amanena monyadira, osadziwa kuti tsiku lililonselo ndilo likupha duwa lake.

Croton, uja wa masamba ochindikala amawangamawanga ofiira, achikasu ndi obiriwira, amene m'mabuku amatchedwa Codiaeum variegatum, kwawo ndi ku Indonesia, Malaysia ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific, kotentha chaka chonse. N'chifukwa chake kunyanja, monga ku Mangochi ndi ku Salima, amakula pabwalo mpaka kusanduka mpanda. Munthu akaona zimenezo amati ndi duwa lopirira, n'kukamuika pakona pa balaza, kuseri kwa sofa. Pamenepo wamulanda kuwala. Mitundu ija imabwera ndi dzuwa, ndipo mu mdima masamba atsopano amangotuluka obiriwira, ngakhale mutagula mtundu wa croton wotchedwa Petra wowala chotani. Malo ake ndi pafupi ndi zenera la kum'mawa, katani yotsegula, kuti dzuwa la m'mawa lizimufika.

Komanso croton amadana ndi kusamutsidwa. Mukamuchotsa ku nazale n'kumulowetsa m'nyumba, masamba ena agwa ndithu, ndipo mukamusiya pamalo amodzi owala aphukanso. Koma mwini wake akaona masamba pansi amathamangira madzi. Duwa lotsala ndi masamba ochepa limamwanso madzi ochepa, choncho dothi limangokhala chinyowere, mpweya sufika ku mizu, mizu imayamba kuwola. Mizu yowola sikoka madzi, masamba otsalawo amazolika ngati a duwa laludzu, mwini wake n'kuwonjezeranso madzi. Lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba. Ngati pali chinyontho, musathirire. Ngati pauma, thirirani mpaka madzi atuluke pansi pa mphika, ndipo otsalira m'mbale mutaye. Mphika wopanda zibowo pansi, ngakhale ukhale wokongola bwanji, sindikufuna n'kuumva komwe.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Croton wake anadzalidwa ndi malemu mayi ake, ndipo anakhala zaka zambiri pakhonde kumudzi. Atamubweretsa m'tauni anamusinthira mu mphika waukulu wa simenti wopanda chibowo, anadzazamo katondo wokumba kuseri kwa nyumba, n'kumuika m'kati pafupi ndi chitseko cholowera mphepo. Munali mu June, Chiperoni ali pachimake. Croton amayamba kuvutika kutentha kukatsika kupyola madigiri 15, ndipo usiku wa June ndi July ku Blantyre, ku Dedza kapena ku Mzuzu kumazizira kuposa pamenepo. Masamba atayamba kugwa, wina anawauza kuti athiremo yureya wodzaza dzanja. Wina anati madzi otsukira mpunga. Anayesa zonsezo kwa milungu ingapo asanabwere kuno. Titazula, dothi linali kununkha, mizu yakuda, yofewa, yosupuka ukaigwira. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo kuyambira pansi mpaka kunsonga kufuna pamene patsala pobiriwira, osapapeza. "Bambo, palibedi chomwe mungachite?" Panalibe. Akanabwera masamba atangoyamba kugwa, tikanadula mizu yowolayo n'kumudzala m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana. Zikanakanika, tikanadula nsonga za nthambi zotalika masentimita 10 mpaka 15 n'kuzizika pamalo ofunda, duwa la mayi awo likanakhalapo mpaka lero.

Alangizi a pa Facebook ndi TikTok andionongera maluwa ambiri kuposa tizilombo. Mafuta ophikira opaka pamasamba kuti aziwala amangomata fumbi. Mkaka umasiya fungo ndi nkhungu. Nsalu yonyowa ndi madzi wamba ndi yokwanira. Feteleza si mankhwala a duwa lodwala, amawotcha mizu imene yavulala kale. Muzithira pang'ono, wosungunula, nthawi yotentha pamene duwa likutulutsa masamba atsopano, osati m'nyengo yozizira. Chenjeraninso ndi ena ogulitsa m'mbali mwa msewu amene amadula nthambi m'mawa, kuizika m'chubu, masana n'kukugulitsani. Yang'anani pansi pa chubu ngati mizu ikuoneka, kapena kokani tsinde pang'ono. Likamasuka mosavuta, bwezani.

Kukayamba kutentha, mu September ndi October, mpweya wa m'nyumba umauma ndipo kumabwera akangaude ofiira, omwe aja alimi a tomato amalira nawo. Ndi aang'ono zedi moti ambiri amawazindikira ataona kale ulusi pakati pa nthambi, pamene zinthu zafika kale poipa. Muzitembenuza masamba sabata iliyonse. Mukaona timadontho totuwa ndi tinthu tonga fumbi tikuyenda kunsi kwa tsamba, tulutsani duwalo panja pamthunzi, litsukeni ndi madzi ambiri makamaka kunsi kwa masamba, kenako poperani madzi a sopo pang'ono, n'kumabwereza sabata iliyonse mpaka atha. Mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro a pamsika musawalowetse m'nyumba mogona ana. Ambiri mwa mankhwala ophera tizilombo sapha n'komwe akangaudewa, amangopha adani awo. Kodikodi, woyera ngati thonje m'mphanda za nthambi, mupukuteni ndi kansalu koviika mu sipiriti.

Croton ndi wa banja limodzi ndi nkhadze, nsatsi ndi chinangwa. Utomoni wake umayabwa pakhungu, umapweteka m'maso ndipo umathimbiriritsa zovala. Podula nthambi valani magolovesi kapena jumbo m'manja, ndipo mukatha sambani. Mwana kapena mphaka akatafuna tsamba amatha kusanza ndi kutsegula m'mimba. Mwana akatafuna, mutsukeni m'kamwa ndipo pitani naye kuchipatala mutatenga tsambalo, osayamba mwafunsa pagulu la WhatsApp.