August Sander, wojambula amene sankakometsera nkhope

Ife ojambula zithunzi timadziwa chimene kasitomala amafuna: khungu lisalale, makwinya abisike. August Sander wa ku Germany anatchuka chifukwa chosiya zonsezo.

Anabadwa mu 1876 ku Herdorf, dera la migodi, ndipo kamera anaidziwa ali mnyamata ponyamulira katundu munthu wina amene ankajambula pamgodi. Atagwirako ntchito ku Linz, m'dziko la Austria, anakhazikika ku Cologne mu 1910, n'kumapalasa njinga kupita kumidzi ya ku Westerwald kukafuna makasitomala pakati pa alimi. Kumeneko n'kumene maganizo anam'bwerera oti ajambule mtundu wonse wa Ajeremani, kuyambira mlimi, mmisiri, loya, msilikali, mpaka wopemphapempha ndi wakhungu. Pansi pa zithunzi zambiri sankalembapo dzina, ankangolemba ntchito ya munthuyo.

Kamera yake inali yaikulu, yoimika pamiyendo itatu, ndipo chithunzi chinkagwidwa pagalasi. Wojambulidwa ankafunika kuima chilili osagwedezeka, choncho zoti wina am'jambule mobera panalibe. Munthu ankaima mmene iye mwini akufunira kuoneka, ndipo kwa ine mphamvu yonse ili pomwepo. Taganizani za chithunzi chake cha wophika makeke cha mu 1928: bambo wonenepa, wadazi, wavala chijasi choyera, wagwira chimbale chachitsulo, nsapato zopolishidwa, akukuyang'anani ngati mkulu wa asilikali. Palibe anam'uza kuti adzitukumule. Ntchito yake amainyadira basi. Poti chithunzicho n'chakuda ndi choyera, palibe mtundu wokopa diso, ndiye limathamangira kumanja, kunsalu ndi kukaimidwe.

Mu 1929 anatulutsa buku la zithunzi 60, Antlitz der Zeit (kutanthauza Nkhope ya Nthawi Yathu). A chipani cha Nazi cha Adolf Hitler silinawasangalatse, pakuti Ajeremani a m'bukumo anali osiyanasiyana, ena osauka ndi otopa, osati mtundu wapamwamba umene iwo ankalalikira. Mu 1936 analanda mabuku otsala n'kuwononga zosindikizira zake. Mwana wake Erich, wa chipani cha sosholizimu, anamangidwa mu 1934 ndipo anafera m'ndende mu 1944. Sander sanaike kamera pansi. Anajambula Ayuda ozunzidwa, anajambulanso a Nazi atavala yunifolomu, onse mofanana, popanda kuchepetsa kapena kukweza wina. Ena amati kumeneko n'kuuma mtima. Ine ndimati umboni umafunika wotero.

Magalasi ambirimbiri a zithunzi zake anapsa ndi moto ku Cologne mu 1946, ndipo iye anamwalira mu 1964 ntchito yaikuluyo isanathe. Komabe ojambula ena anaphunzira kwa iye: Diane Arbus ku America anatengera kajambulidwe kake koyang'anizana ndi munthu maso ndi maso, pomwe Bernd ndi Hilla Becher ku Düsseldorf anatenga nzeru yondandalika zinthu zofanana kuti kusiyana kwake kuoneke, n'kuigwiritsa ntchito pojambula matanki a madzi ndi nyumba za m'migodi.