Kusankha Zakudya Zosunga Pokonzekera Nyengo ya Namondwe mu Mzinda wa Blantyre

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula kwa masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo mabanja ambiri amene anapulumuka anakakhala m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ngakhale amene nyumba zawo sizinagwe anakhala opanda magetsi ndi madzi a m'mipopi, makala atanyowa, misewu ina itaduka. Madzi ambiri a mumzinda uno amapopedwa ndi magetsi kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, choncho magetsi akazima nthawi yaitali, mipopi nayo imauma. Uthenga uno ukufotokoza mmene banja lingasankhire zakudya zoti lisunge mvula isanayambe mu Novembala, zokwanira masiku atatu kapena sabata imodzi popanda kupita kumsika.

Pogula chakudya chosunga, musangoona kuti chimakhalitsa, koma muonenso ngati chingadyedwe moto ndi madzi zikasowa. Nyemba zouma zimakhala miyezi yambiri osawonongeka, koma zimatha makala ambiri kuti zipse, ndipo banja limene lasunga nyemba ndi ufa zokha likhoza kugona ndi njala thumba lili lodzaza. Nyemba, nandolo ndi khobwe zisungidwe ndithu, ndipo kuziviika m'madzi usiku wonse kumafupikitsa nthawi yophika, koma pambali pake pakhale zakudya zongotsegula n'kudya, kapena zopsa m'mphindi zochepa.

Apa ndi pamene nsomba za m'chitini zimathandiza. Nsombazi zimaphikidwa pa moto waukulu chitini chili chotsekedwa kale, kotero kuti tizilombo timafa ndipo mpweya sulowanso; n'chifukwa chake zimakhala zaka popanda firiji ndipo zimadyedwa osatenthetsa. Zili ndi zomanga thupi ndi mafuta abwino, ndipo minga yake, imene imakhala yofewa, isatayidwe chifukwa imalimbitsa mafupa. Zitini zing'onozing'ono n'zabwino kuposa zikuluzikulu, ngakhale kuti zikuluzikulu zimaoneka zotsika mtengo, chifukwa chitini chikangotsegulidwa nsombayo imawonongeka ngati ndiwo ina iliyonse yophika, ndipo magetsi akakhala kulibe iyenera kudyedwa yonse pa chakudya chomwecho. Sankhani zitini zokhala ndi kachitsulo kokokera pamwamba, apo ayi sungani chotsegulira pamalo amodzi ndi zitinizo, poti ambiri amadzicheka akamatsegula ndi mpeni mumdima. Nsomba zambiri za m'chitini zimakhala ndi mchere wambiri, choncho amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la impso asathire mchere wina, ndipo azidya pang'ono.

Chitini chilichonse chiyang'anitsidwe musanalipire, kaya mukugula m'sitolo yaikulu, pa okala kapena mumsika wa Limbe ndi wa Ndirande. Tsiku lothera mphamvu limadindidwa pamwamba kapena pansi pa chitini, nthawi zambiri pafupi ndi mawu akuti Best Before kapena EXP, ndipo ngati tsikulo lafufutika kapena pamatidwa pepala lina, chitinicho chisiyeni. Chitini chotupa, chodontha, chadzimbiri lambiri, kapena chopindika pa msoko wa m'mphepete n'choopsa ngakhale tsiku lake lisanakwane. Kutupako ndi chizindikiro chakuti mkati muli tizilombo tamoyo, ndipo tina mwa ito timatulutsa poizoni woyambitsa matenda a botulism, amene amafooketsa minofu. Munthu amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope zimalemera, amalephera kumeza ndi kulankhula bwino, kenako amavutika kupuma. Matendawa sachitika kawirikawiri koma amapha, ndipo chakudya cha poizoniyu sichinunkha nthawi zonse, choncho kulawa pang'ono pofuna kuona ngati chili bwino n'kulakwitsa kwakukulu. Chitini chotere chikwiriridwe kumene ana, agalu ndi nkhuku sangafike. Munthu akaonetsa zizindikirozi atadya za m'chitini muthamangire naye kuchipatala chapafupi kapena ku Queen Elizabeth mosadikira kuti kuche. Mukapeza wogulitsa katundu wotha mphamvu, mukhoza kukanena ku bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene likulu lake lili mumzinda momwe muno.

Kunena zoona, zitini n'zodula, ndipo si banja lililonse lingagule zambiri nthawi imodzi. Kugula chimodzi kapena ziwiri pakutha kwa mwezi uliwonse kuyambira nyengo yokolola kumakwanira, ndipo zotsalazo zikhale zakudya zathu zomwe. Usipa, matemba ndi utaka zouma bwino zimapsa msanga, koma zimakoka chinyezi m'nyengo ya dzinja, choncho ziumitsidwenso padzuwa, zisungidwe m'chigubu chotseka bwino, ndipo ziziyang'anidwa sabata iliyonse. Chiponde, mtedza wokazinga, mabisiketi ndi mkaka waufa sizifuna moto. Soya pisi, mpunga ndi ufa wa phala wa Likuni zimafuna moto wochepa. Mfutso wa chisoso, nkhwani kapena khwanya umalowa m'malo mwa masamba aawisi pamene madimba amira. Mafuta ophikira, shuga ndi mchere wa ayodini zisaiwalike. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, gulu la zipatso ndi lovuta kusunga, koma malambe ndi bwemba zimakhalitsa zikakhala pouma.

Ufa woyera umakhalitsa kuposa mgaiwa, chifukwa mgaiwa uli ndi mafuta a m'kamtima ka chimanga amene amasasa pakapita milungu. Komabe mgaiwa ndi umene uli ndi chakudya chambiri, choncho ndi bwino kugayitsa pang'onopang'ono n'kusunga chimangacho m'matumba osalowa mpweya, momwe anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Mdani wamkulu wa chimanga ndi mtedza ndi chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene satha ngakhale mutaphika kapena kukazinga, amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo ndi woopsa kwambiri kwa ana. Mtedza wofota, wowawa kapena wosintha mtundu utayidwe, ndipo usasinjidwe kuti ukhale nsinjiro poganiza kuti ukabisika m'ndiwo.

Zonsezi zisungidwe pamalo ouma, ozizira ndi okwera, osati pansi pa simenti kapena moyandikira mbaula, ndiponso kutali ndi parafini, feteleza ndi mankhwala a makoswe. Ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro cholimba ndi yabwino chifukwa imateteza ku madzi ndi makoswe, ndipo munthu mmodzi angainyamule ngati akuluakulu alamula kuti musamuke. Lembani tsiku logula pa chinthu chilichonse, muzidya zakale poyamba n'kubwezeretsa zatsopano. Chakudya cha m'matumba, m'mapepala kapena m'mabotolo chimene chakhudzidwa ndi madzi osefukira chitayidwe, chifukwa madziwo amakhala atasakanikirana ndi zonyansa za m'zimbudzi. Chitini chosawonongeka chokha ndi chimene chingapulumuke: chotsani pepala lake, chitsukeni ndi sopo, chiviikeni m'madzi a klorini, ndipo chiume musanatsegule.

Madzi ndi ofunika kuposa chakudya chonsechi. Namondwe wa Freddy anafika dziko lino lili pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Munthu aliyense amafunika malita pafupifupi atatu akumwa patsiku, kupatula ophikira ndi osamba m'manja. Sungani madzi m'zigubu zoyera zotseka, pamodzi ndi WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, ndipo mukathira mankhwalawa dikirani mphindi 30 musanamwe. Mapaketi angapo a Thanzi ORS, obwezeretsa madzi m'thupi munthu akatsekula m'mimba, akhale m'ndowa ya zakudya ija. Paketi imodzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi apitirize kuyamwa bere lokha, ndipo mkaka waufa wa anthu akuluakulu usapatsidwe kwa khanda. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, aike mankhwala awo ndi buku lakuchipatala m'pepala lapulasitiki lomanga bwino, ndipo akatenge ena kuchipatala asanawathere pamene nthambi yoona zanyengo yachenjeza kuti kukubwera namondwe.