Ophunzira zauloya ndimayamba nawo pa puloti

Chaka chilichonse mu ofesi mwathu muno mu Johannesburg timalandira achinyamata omwe amaliza LLB, digiri ya zamalamulo ya zaka 4, ku yunivesite ya Wits kapena UJ, amabwera kudzachita ma articles, zaka ziwiri zija zophunzira ntchito pansi pa loya wamkulu. Malamulo amawadziwa ndithu. Koma ine tsiku loyamba sindiwapatsa fayilo ayi, ndimakwera nawo galimoto mpaka pa puloti pomwe kasitomala akufuna kumanga mafulati, aone okha mpanda wadutsa pati, paipi ya madzi ili kuti, komanso ngati pali anthu okhalapo kale, chifukwa pepala silinena zonsezi.

Tikabwerako ndiye Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsako umwini wa malo. Kuno umwini wa malo umasintha pokhapokha dzina lalembedwa kumeneko, ndi lamulo la 1937 limenelo, ndipo amene amakonza mapepala ake ndi conveyancer, loya yemwe analemba mayeso ena apadera. Mwanayo amayenera kuwerenga title deed, chikalata cha umwini wa malo, mzere ndi mzere, poti nthawi zina muli mawu akale oletsa kumanga nyumba zoposa imodzi, ndiye ngakhale khonsolo ivomereze rezoning, kusintha ntchito yomwe malowo amaloledwa kugwira, motsatira SPLUMA, lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka malo la 2013, chiletso chija chikapanda kuchotsedwa ntchito yonse imaima, womanga akulipirabe ngongole ku banki. Mafulatiwo akatha pamabweranso za sectional title, lamulo la 1986, kuti aliyense akhale ndi gawo lakelake.

Pomwe ndimalimbikira kwambiri mpakuti aphunzire kuyankhula ndi anthu wamba. Abale athu ambiri kuno ku Joni agwira maganyu zaka, asunga timaranditi, kenako munthu akuwagulitsa nyumba ya RDP, zija boma limamangira anthu osauka, ndi affidavit, kalata yolumbira ya ku polisi, basi. Zimandiwawa zedi. Affidavit si title deed, komanso nyumba za boma zija lamulo limaletsa kuzigulitsa mwachisawawa zaka 8 zisanathe. Mgwirizano wogula malo uyenera kulembedwa ndi kusainidwa, zapakamwa sizigwira ntchito, Alienation of Land Act ya 1981 imatero.

Sabata yatha mayi wina wa ku Mangochi anabwera ndi kapepala kotere mu jumbo, ndinamuitana mtsikana yemwe ndikumuphunzitsa kuti awafotokozere yekha. Anayamba ndi chizungu cha m'kalasi, mayiwo anangoti kukamwa yasa, ndinamuuza ayambirenso pang'onopang'ono, ine ndikumasulira, ndipo awafunse kaye kuti ndalamazo anapereka kwa ndani, liti.