Islamey ndi Scarbo: Mpikisano Wopeka Nyimbo Yovuta Kwambiri ya Piyano

Oimba piyano akayamba kutsutsana kuti nyimbo yovuta kuposa zonse ndi iti, mayina awiri sachedwa kutuluka: Islamey ya Mily Balakirev wa ku Russia, ndi Scarbo ya Maurice Ravel wa ku France. Yoyambayo ndi ya mu 1869, yachiwiriyo ya mu 1908, ndipo yachiwiriyo inapekedwa dala kuti ipose inzake.

Khalidwe lopikisana chonchi linakula kwambiri ku Paris. Mu 1832 Franz Liszt, ali mnyamata wa zaka 20, anamva Niccolò Paganini akuliza vayolini ndipo anatsimikiza mumtima kuti nayenso achita zomwezo pa piyano. Chida chenichenicho chinali chitasintha kale. Mu 1821 kampani ya Érard inalembetsa luso latsopano lochititsa kuti kanyundo komenya nsambo kathe kumenyanso kasanabwerere pamalo pake penipeni. Kuyambira pamenepo woimba ankatha kubwereza noti imodzi mwaliwiro loti makutu amve ngati kunjenjemera. Liszt anagwiritsa ntchito mwayiwu mpaka mapeto. Nyimbo zake 12 zoyesera luso zomwe anamaliza mu 1837 zinali zolimba moti wopeka nyimbo Robert Schumann anati oimba amene angazithe padziko lonse sangapitirire 10 kapena 12. Mwini wake anazikonzanso n'kuzipepuzako pozitulutsa mu 1852.

Balakirev anakulira m'nyengo imeneyi. Iye ndiye ankatsogolera kagulu ka opeka nyimbo asanu a ku St Petersburg, momwe munalinso Mussorgsky, Borodin ndi Rimsky-Korsakov, amene ankafuna nyimbo zonunkhira kwawo osati zongotengera ku Germany. Pa maulendo ake a kumapiri a Caucasus anamva gule wa anthu a ku Kabardia wotchedwa islamey, wamanoti othamanga obwerezabwereza. Anauika pa piyano, ndipo pakati pake analowetsapo nyimbo yachikondi yodekha ya anthu a mtundu wa Tatar a ku Crimea. Munthu amene ankadziwika kuti amatha zaka zambiri pa nyimbo imodzi anamaliza iyi pafupifupi mwezi umodzi wokha. Nikolai Rubinstein ndiye anayamba kuiimba pagulu chakumapeto kwa 1869.

Islamey imatha mphindi 8 kapena 9, koma woimba sapuma. Manja amasinthana pomenya manoti obwerezabwereza, amapingasana, amalumpha kuchoka mbali ina ya makiyi kukatera mbali ina, ndipo zala zimathamanga ziwiriziwiri. Balakirev anali katswiri pa piyano, komabe anavomera kuti muli malo ena omwe iye sankawatha. M'buku la nyimboyi muli mizere yambiri yopatsa woimba njira yachidule pamalo ovutitsitsa. Wopeka nyimbo Alexander Scriabin, ali wophunzira ku Moscow, anavulaza dzanja lamanja poyeserera mopitirira muyeso Islamey pamodzi ndi nyimbo ya Liszt yochokera mu Don Giovanni, sewero loimba la Mozart. Patapita zaka zochepa, mu 1894, anapeka nyimbo ziwiri zoimba ndi dzanja lamanzere lokha.

Ravel ankakonda kwambiri nyimbo za ku Russia, ndipo anauza mnzake Maurice Delage kuti akufuna kulemba chinthu chovuta kuposa Islamey. Anatenga ndakatulo zitatu za Aloysius Bertrand, wolemba amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1841 buku lake lisanasindikizidwe, n'kupeka Gaspard de la nuit, nyimbo ya magawo atatu. Anailemba bambo ake akudwala mwakayakaya, ndipo bambowo anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho cha 1908.

Gawo lomaliza ndilo Scarbo, kachiwanda kakafupi kobwera usiku m'chipinda chogona. Kamakanda nsalu za bedi ndi chikhadabo, kamazungulira pa mwendo umodzi, kamatalika ngati nsanja ya tchalitchi, kenako n'kuzima. Ravel anaika zonsezi m'zala za woimba. Noti imodzi yapansi imabwerezedwa mwaliwiro koma chamunsimunsi, phokoso limakwera mwadzidzidzi n'kudukiza pakati, ndipo pali malo ena pomwe chala chachikulu chimadinda makiyi awiri oyandikana nthawi imodzi dzanja likuthamanga. Mu Islamey woimba akatopa akhoza kubisala m'phokoso. Mu Scarbo mbali yaikulu ya liwirolo imafunika kumveka ngati kunong'ona, ndiye noti iliyonse yolemera kuposa inzake imamveka poyera. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe Ravel anapambanira, chifukwa anawonjezera mtundu wina wa vuto umene mphamvu za mkono sizingathetse.

Chodabwitsa n'chakuti mkangano weniweni sunabuke pa Scarbo ayi. Unabuka pa gawo lapakati, Le Gibet, lomwe ndi loyenda pang'onopang'ono kuposa onse. Ndakatulo yake ikunena za mtembo wa munthu wopachikidwa, dzuwa likulowa, belu likulira kutali m'mphepete mwa mzinda. Belulo ndi noti ya B flat, imene imalira mobwerezabwereza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pomwe manja omwewo akunyamula nyimbo zina pamwamba ndi pansi pake. Ravel analemba pamwamba pa tsamba kuti woimba asafulumire ndipo asachedwe mpaka kumapeto. Kuwerenga manoti ake sikuvuta kwenikweni. Chovuta ndi kusunga belulo pa mlingo umodzi kwa mphindi 6 kapena 7, osalikometsera, pomwe mtima wa woimba aliyense umafuna kukweza mawu kuti omvera asatope.

Amene anayamba kuimba Gaspard de la nuit pagulu, pa 9 Januwale 1909 ku Paris, anali Ricardo Viñes wa ku Spain, mnzake wa Ravel kuyambira ali anyamata. Ndiye anali atayambanso kuimba Jeux d'eau mu 1902 ndi Miroirs mu 1906, pa nthawi yomwe ambiri sankazimvetsa nyimbo za Ravel. Koma pa Le Gibet anakana kutsatira zimene mwini nyimbo analemba. Ananena kuti akaiimba choncho anthu atopa nayo. Sindimuona ngati wopanda nzeru. Iye ndiye ankakhala kutsogolo kwa anthu olipira ndalama zawo, ndipo ankadziwa mmene holo imayambira kutsokomola nyimbo ikachedwa. Komabe Ravel ndiye anali ndi mfundo, pakuti belulo likangoyamba kukwera ndi kutsika, mantha onse a m'ndakatuloyo amatha.

Ravel sanaiwale nkhaniyi. Mu 1922, akukonzekera kupita ku London kukajambula nyimbo zake pa mapepala okulunga a piyano yodziimba yokha, analembera mnzake Michel-Dimitri Calvocoressi kuti sadzapempha Viñes, ndipo chifukwa chimodzi chinali Le Gibet. Anatenga Robert Casadesus m'malo mwake. Pofika nthawi imeneyo nyimbo zake zatsopano za piyano zinali zitapita kale m'manja mwa ena: Louis Aubert anayamba kuimba Valses nobles et sentimentales mu 1911, ndipo Marguerite Long anayamba kuimba Le Tombeau de Couperin mu 1919.