Ndime yokuletsani kukagwira ntchito kwina ili ndi mano

Pali bodza limene lafala pakati pa anthu ophunzira, aphunzitsi a zamalamulo omwe. Akuti ndime ya m'kontirakiti yokuletsani kukagwira ntchito kwa opikisana ndi abwana anu mukachoka ndi yongoopsezera, chifukwa "ku America anaithetsa". Sanaithetse. Bungwe la boma la America loyang'anira zamalonda ndi mpikisano, la Federal Trade Commission (FTC), linalengeza lamulo loletsa ndimezi mu Epulo 2024, koma mu Ogasiti chaka chomwecho khothi la ku Texas linalithetsa lisanayambe n'komwe kugwira ntchito. Likanati ligwire, mayunivesite ambiri silikanawakhudza, poti FTC ilibe mphamvu pa mabungwe osachita phindu. Ena amathamangira Rule 5.6, ndime ya m'malamulo a kagwiridwe ka ntchito a American Bar Association, bungwe la maloya a ku America. Imeneyo imateteza ufulu wa loya woyimira anthu pa milandu, za kuphunzitsa m'kalasi sinenapo kanthu. Ku California n'zoona, ndimezi sizivomerezedwa kuyambira kalekale. Nanga inu mukusainira ku California?

Yambani mwaona kuti kontirakitiyo ikutsata malamulo a dziko liti. Ku England, komanso ku Malawi komwe tinatengera malamulo a kumeneko, ndimeyi imayamba ili yopanda mphamvu. Abwana ndiwo ayenera kukhutiritsa khothi kuti ali ndi chenicheni choti ateteze, monga zinsinsi za bizinesi kapena makasitomala, ndiponso kuti nthawi ndi dera sizinapitirire muyezo. Kungoopa mpikisano sikokwanira. Ku South Africa zinthu n'zotembenuka: kuchokera pa mlandu wa Magna Alloys mu 1984, ndimeyi ndi yamphamvu mpaka wantchito ataonetsa yekha kuti njosayenera.

Mlandu wosautsa ndi wa Reddy ndi Siemens, wa 2006. Reddy anachoka ku kampani ya Siemens kupita ku Ericsson, yopikisana nayo, atasainira kale kuti sadzagwira ntchito kwa opikisana nawo m'chigawo cha Gauteng kwa miyezi 12. Panalibe umboni woti waulula chinsinsi chilichonse, ndipo analonjeza kuti sadzaulula. Khothi la apilo linati zinsinsizo zili m'mutu mwake, ndipo abwana akale sangakhale akudalira lonjezo lokha. Chiletso chinakhala. Mphunzitsi angayankhe kuti malamulo amene amaphunzitsa ali m'mabuku, si chinsinsi cha munthu. N'zomveka, koma ku South Africa ndi iyeyo adzayenera kutsimikiza zimenezo, ndipo wolipira loya ndi iye yemwe.

Pa malipiro ndi pamene ndimeyi imaluma mwakachetechete. Nthawi zambiri mphunzitsi wa zamalamulo amalandira zochepa poyerekeza ndi mnzake wa m'kampani yayikulu ya maloya. Chimodzi chimene chimagwedeza akuluakulu a yunivesite kuti amuwonjezere ndi kalata yoti kwina akumufuna. Mukasainira kuti simungapite kwina, kalatayo yasanduka pepala wamba. Ndiye ngati akuumirira ndimeyi, ikeni mtengo: miyezi yoletsedwayo azikulipirani, ndipo zilembedwe. Onaninso kuti "wopikisana" ndi ndani. Kodi mukuphatikizidwa ganyu yophunzitsa madzulo, maphunziro a pa intaneti, kupereka upangiri, kuyimira anthu kukhothi? Kodi ndimeyi igwirabe ngati akuchotsani ndi iwowo? Ndipo musaisokoneze ndi bondi imene mumasaina akakulipirirani maphunziro. Bondi ndi ngongole, mumaibweza ndi zaka za ntchito kapena ndi ndalama.

Choipitsitsa ndi kuchedwa. Anthu amapereka kalata yosiya ntchito, kusaina kwatsopano, kusamutsa banja, kenaka n'kumafuna loya mapepala a chiletso atafika kale pakhomo. Milandu yotere imamvedwa mwachangu, ndipo masiku oyankhira amakhala ochepa. Adobadoba a pakhomo la khothi ndi "akatswiri" a pa WhatsApp adzakuuzani kuti ng'ambani pepalalo. Iwo sadzaima pamaso pa woweruza. Pitani ndi kontirakiti yonse, ndi zowonjezera zake zonse, kwa loya wokhala ndi chiphaso cha m'dziko limene malamulo ake atchulidwamo, musanalembe kalata yosiya.