Njanji yotumikira Mzuzu inathera pa Chipoka

Mumzinda wa Mzuzu simunadutsepo sitima yapamtunda. Komabe kwa zaka zambiri simenti, malata ndi feteleza zofika kuno zinkayamba ulendo wake pa njanji, ndipo siteshoni yomwe inkatumikira chigawo chakumpoto inali Chipoka, m'boma la Salima.

Njanji yoyamba m'dziko muno inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Mu 1935 ntchito ziwiri zinatha: mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, umene unachititsa kuti sitima yochokera ku Beira izifika osatsitsa katundu pamtsinje, ndi njanji yochokera ku Blantyre kukafika ku Salima, yodzera pa Chipoka. Omanga ake cholinga chawo chinali kufika kunyanja basi. Kuchokera pamenepo madzi ndiwo ankamaliza ulendo, n'chifukwa chake kampani ya Nyasaland Railways inkayendetsanso sitima zapamadzi. Ilala imene timaidziwayi inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa pa njanji yomweyi, anailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951.

Thumba la simenti lopita ku Mzuzu linkatsitsidwa m'bogi pa Chipoka, kulowa m'shedi, kukwezedwa m'sitima yapamadzi, kutsitsidwa padoko la Nkhata Bay, kenako kukwera lole. Vuto lagona pamenepa. Paliponse pamene katundu wasintha chokwera pamafunika anthu onyamula, malo osungira ndi mapepala atsopano. Matumba amang'ambika, simenti ikanyowa imauma gwa, ndipo bogi ikafika sitima yapamadzi itachoka kale, katundu amadikira ulendo wotsatira. Nyanja nayo ili ndi zake: mwera ukakula ulendo umachedwa, ndipo zaka zimene madzi atsika, sitima yolemedwa imalephera kukocheza pa Chipoka.

Nanga bwanji sanangopitiriza njanji mpaka kuno? Choyamba, mu 1935 ku Mzuzu kunalibe tauni. Unayamba cha mu 1947 ngati likulu la esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake zimatulutsa mafuta. Chachiwiri ndi chitunda. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe Mzuzu uli pa mamita pafupifupi 1,250. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo siligwira ngati tayala pa phula, choncho sitima yolemedwa imavutika njira ikamakwera kupitirira mamita 2 pa mamita 100 aliwonse. Kuti ikwere mamita 775 pa muyeso umenewo pamafunika makilomita pafupifupi 39 okwera okhaokha, opanda chigwa chotsikiramo. Malo a pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu sali choncho. N'zitunda ndi makwawa, ndiye pangafunike milatho yambiri, kugumula mapiri ndi njira yokhotakhota. Ndalama zoterozo zimabwerera pokhapokha pali katundu wolemera wa tsiku ndi tsiku, monga malasha a ku Moatize, ku Mozambique, amene amadutsa pa Nkaya kupita ku Nacala. Khofi ndi matabwa a ku Chikangawa pazokha sizingadzaze mabogi motero.

Njanji itakula, inalowera kwina: ku Nayuchi mu 1970, ku Lilongwe mu 1979, kenako ku Mchinji. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, maso anatembenukira ku Dar es Salaam. Katundu ankabwera pa TAZARA, njanji yolumikiza Tanzania ndi Zambia, mpaka ku Mbeya, n'kulowa pamsewu kudzera pa Songwe, wina n'kukwera sitima padoko la Chilumba. Njanji ya TAZARA ndi yathu n'zofanana m'lifupi, mamilimita 1,067, koma mpaka lero sizinalumikizane, ndipo katundu wa ku Mzuzu amabwera pa malole mumsewu wa M1 ndi M5.