Khoma limodzi, pulasitala kawiri

Mukalowa m'nyumba zimene zikumangidwa ku Luwinga, ku Katoto kapena ku Mchengautuba mumzinda wa Mzuzu, yang'anani makoma a m'kati. Si zachilendo kupeza khoma lopakidwa kale pulasitala, losalala bwino, koma lili ndi ngalande yogobedwa kuchokera kumwamba kutsikira pamene padzakhale switchi. Womanga sanalakwe, levulo ikuvomereza. Wamagetsi nayenso waika waya woyenera. Komabe mwini nyumba wagula simenti ndi mchenga kawiri pa khoma limodzi, ndipo chigambacho chidzaoneka ngakhale atapaka penti, nthawi zambiri ndi kamng'alu m'mbali mwake, chifukwa pulasitala watsopano amanyala akamauma pomwe wakale anauma kale.

Gwero lake ndi momwe amisiri amalipidwira. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limatchula mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda malire a nthawi, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito imodzi yomwe ikatha, mgwirizano nawo watha. Amisiri ambiri a zomangamanga ali mu mtundu wachitatuwu. Ndalama imabwera gawo lawo likatha, ndiye tsiku lodikira mnzawo ndi tsiku lopanda ndiwo kunyumba. Womanga amene wapaka pulasitala wamagetsi asanabwere si woipa mtima. Wangotsata pamene pali malipiro ake.

Luso ndiye poyambira, apa palibe zonyengererana. Waya wa magetsi owunikira ndi wa 1.5 mm², wa masoketi ndi wa 2.5 mm², wa kuka (chitofu cha magetsi) nthawi zambiri ndi wa 6 mm². Mmisiri woika waya wa 1.5 pa masoketi akhoza kuwotcha nyumba ngakhale akhale wansangala chotani, ndipo n'chifukwa chake oika magetsi amafunika chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Mapepala a trade test (mayeso a luso la ntchito zamanja), kuyambira giredi 3 kufika giredi 1, kapena a maphunziro a TEVETA (bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja) monga a ku Mzuzu Technical College, amasonyeza kuti munthu angathe kugwira ntchito yake. Koma pepala silinena ngati munthuyo amadziwa zimene wobwera pambuyo pake akufuna kudzapeza. Anthu akamati mmisiri azigwirizana ndi anzake amaganiza za moni ndi kudyera limodzi nsima ya masana. Pamalo omanga, kugwirizana ndi nkhani ya miyeso ndi ndondomeko ya amene ayambe ndi amene atsatire.

Tengani tsiku lothira konkire wa pansi. Pulambala ayenera kuti anadutsitsa kale paipi ya chimbudzi ya 110 mm, yopendekeka pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ikagona chathyathyathya, zonyansa zimaima. Ikapendekeka kwambiri, madzi amathamanga n'kusiya zolimba m'mbuyo. Kukamwa kwa paipiyo kutsekedwe ndi pulasitiki kuti simenti isalowe, ndipo paipi imangiriridwe kuti wilibala isaisunthe. Pa silabu ya pamwamba, wamagetsi amayala mapaipi ake a 20 mm zitsulo zikamangidwa, konkire asanathiridwe, n'kuwamanga ku zitsulozo ndi waya. Mmodzi wa awiriwa akapanda kuuzidwa tsiku, chotsala ndi kuswa konkire wouma ndi tchizulo, ndipo pa silabu ya pamwamba zimenezo zimafooketsa nyumba.

Konkire mwiniwakeyo safuna munthu wochita zake. Pa muyeso wamba wa 1:2:4, ndiye kuti gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala ya kwale, osakaniza, oyendetsa wilibala ndi otsendera ayenera kuyenda liwiro limodzi. Pakadutsa ola lathunthu kapena kupitirira pakati pa wilibala ndi inzake, konkire woyamba amakhala atayamba kugwira, watsopano salumikizana naye bwino, ndipo mzere umenewo ndi pomwe madzi adzalowere. Ndiye pali kuthirira. Konkire amafuna chinyezi kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake imayezedwa pa masiku 28. Ntchito yothirirayi ilibe mwini pa makontilakiti ambiri: womanga walandira zake wapita, kalipentala akuti si yake, mlonda sanauzidwe. Silabu imauma yokha padzuwa la Okutobala n'kuyamba timing'alu.

Mabuloko a simenti asinthanso zinthu. Chikhazikitsireni malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, mabuloko a mabowo akuchuluka. Khoma lotere silifuna kugobedwa chopingasa, chifukwa chikopa cha buloko n'chopyapyala. Njira yabwino ndi kudutsitsa paipi ya magetsi m'mabowomo khoma likukwera, kutanthauza kuti wamagetsi azifika womanga ali pakati pa ntchito, osati atamaliza.

Bafa ndiye chipinda chimene chimaulula zonse, popeza amisiri anayi amakumana pa malo ochepa. Pulambala akayeza malo a paipi ya chimbudzi kuchokera pa khoma losapaka, amakhala waiwala kuti pulasitala adya mamilimita 12 mpaka 15, matailosi ndi zomatira zake adyanso ena. Mapeto ake mbale ya chimbudzi sikhala, kapena thanki yake imakanikizana ndi khoma. Mapaipi a madzi ayesedwe asanakwiriridwe: atsekeni kumapeto, lowetsani madzi, agone usiku wonse, m'mawa muone polumikizira paliponse. Dontho limodzi losaoneka lero lidzakhala chibanga cha nkhungu kuseri kwa khoma. Woika matailosi naye auzidwe pamene pali potulukira madzi kuti apendeketse pansi kulowera pamenepo. Matailosi ake akhoza kukhala owongoka ngati galasi, koma ngati madzi akuthamangira kuchitseko, ntchitoyo njobwereza.

Chida chotchipa kwambiri chothetsera mikangano yotere ndi mzere umodzi. Makoma akangoima, folomani alembe mzere pa mita imodzi kuchokera pamene padzathere pansi pomalizidwa, n'kuuzungulitsa zipinda zonse ndi kapaipi koonekera ka madzi. Wamagetsi, pulambala, wa mafelemu a zitseko ndi wa matailosi onse aziyeza kuchokera pa mzere womwewo. Popanda iwo aliyense amayeza kuchokera pa konkire wosasalala, masoketi n'kutuluka okwera ndi otsika, chitseko n'kumakhula tailosi. Ku Mzuzu kuno, komwe pa ntchito imodzi mumamveka Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa, muyeso wonenedwa pakamwa umasochera msanga. Ulembedwe pakhoma ndi choko, m'manambala.

Nyengo nayo imalowererapo. Mvula ya kuno imachedwa kusiya, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira, nthawi zina ndi mawawa. Pulasitala amachedwa kuuma. Wapenti wofulumira kuti alandire zake amapaka pa khoma lachinyezi, penti n'kutuwa kapena kufundukuka, kenako iye ndi womanga amalozana zala. Kumata pepala la pulasitiki pakhoma usiku umodzi kumathetsa nkhaniyo: likachita thukuta m'kati, khoma silinaume.

Mwini nyumba kapena kontilakitala angathe kukonza zambiri ndi kalembedwe ka mgwirizano. Gawo la womanga lisathere pa mawu oti "kupaka pulasitala", koma "kupaka pulasitala wamagetsi ndi pulambala atavomereza kuti mapaipi awo ali m'malo". Kuthirira konkire kukhale ndi dzina la munthu ndi ndalama yake. Pa makontilakiti aakulu amasunga 5 kapena 10 peresenti ya malipiro mpaka zolakwika zitakonzedwa, ndipo pa nyumba ya munthu wamba zimathekanso, bola mugwirizane ntchito isanayambe. Tsiku limene mmisiri wataya podikira mnzake nalo liwerengedwe, chifukwa ngati salipidwa sadzadikira.

Polemba mmisiri, onani mapepala ake, pitaninso mukaone nyumba imene anagwirako. Kenako mufunseni kuti akufuna adzapeze zitatha ziti asanayambe, ndiponso ndani ayenera kubwera iye asanatseke ntchito yake. Woika matailosi wodziwa amayamba wafunsa ngati mapaipi a m'bafa anayesedwa ndi madzi asanatchule mtengo.